Tsiku limene ndinazindikira kuti pasiwedi yanga sinali loko

Fulashi yanga inkakhala m'kathumba kam'kati ka chikwama, komwe ndimasungamo makiyi. Lachiwiri lina madzulo ndinapisamo dzanja, ndinangopeza makiyi okha. Ndinakhuthula chikwama chonse pabedi, ndinakutumula mabuku limodzilimodzi, ndinasuzumira pansi pa mipando, kenaka ndinayamba kuimbira foni anthu onse amene ndinakumana nawo tsikulo. Palibe anaiona, ndipo mpaka lero sinapezeke.

Fulashiyo payokha sinkandidetsa nkhawa. Chinandisowetsa tulo ndi zimene zinali m'katimo. Chaka chimenecho amayi ankadwala, ndipo mapepala awo onse ankadutsa m'manja mwanga: makalata a madokotala, zotsatira za kuyezetsa magazi, chithunzi cha chiphaso chawo mbali zonse ziwiri, makalata a kubanki, ndiponso fayilo ina ya matebulo momwe ndinkalemba manambala a maakaunti ndi ndalama zimene abale ankatumiza. Ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi chokha, choti fayilo ya manambalayo ndinaiika pasiwedi.

M'mawa mwake ndinafotokozera mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira ntchito yokonza makompyuta. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa modekha.

"Achemwali, pasiwedi mukunenayo inkakufunsani nthawi iti? Potsegula fayilo, kapena mukafuna kusintha zinthu?"

"Posintha. Koma tsamba la manambala ndinalibisa, ndipo silingaoneke popanda pasiwedi."

"Ina yofanana nayo ilipo pa laputopu yanu? Tabweretsani."

Anaikopera pambali, n'kusintha mapeto a dzina lake kuchoka pa .xlsx kukhala .zip. Fayilo ija inatseguka ngati thumba, m'kati muli timafayilo tambirimbiri. Anatsegula kamodzi, anafufuta mzere umodzi, anabwezera dzina lakale. Tsamba lija ndinkati ndabisa linali poyera, manambala onse ali ndondondo. Sipanathe mphindi zisanu, ndipo pasiwedi yanga sanaifunse n'komwe. Sanalekere pomwepo. Anazimitsa laputopu, anailowetsa fulashi yake momwe munali Linux, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, n'kuiyatsanso. Sikirini ija imandifunsa pasiwedi m'mawa uliwonse sinaoneke. Mafoda anga onse anangoti mbee, zithunzi, makalata, zonse.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa chida chimene ndinagwiritsa ntchito chinapangidwira kuletsa munthu kusokoneza matebulo mwangozi, osati kusunga chinsinsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaona kabokosi kofunsa pasiwedi, ine n'kukhulupirira kuti ndakiya.

Pali zinthu ziwiri zimene pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi koma n'zosiyana kutalitali. Choyamba chili ngati mlonda woima pakhomo. Amakufunsa mawu achinsinsi, ukalephera amakubweza, koma katundu m'nyumbamo ali mmene analili, ndipo wolowera pawindo amamupeza yense. Chachiwiri ndi chimene chimatchedwa encryption. Apa zolembazo zimasokonezedwa ndi masamu, chilembo chilichonse, mpaka fayilo yonse imasanduka mulu wa manambala opanda tanthauzo. Palibe windo lolowera, chifukwa ngakhale ulowe supeza kanthu koti uwerenge. Pasiwedi yako ndi imene imapanga kiyi wobwezeretsa zolembazo m'malo mwake. Choncho funso loyenera kufunsa si lakuti kodi fayiloyi ili ndi pasiwedi, koma lakuti kodi munthu wopanda pasiwediyo akaing'amba ndi chida china, apezamo chiyani.

Si anthu wamba okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. M'mwezi wa October 2007, ofesi yotolera misonkho ku Britain, HM Revenue and Customs, inatumiza ma CD awiri ku National Audit Office, ofesi yofufuza mmene ndalama za boma zikugwiritsidwira ntchito, koma sanafike. Munali mayina, maadiresi, masiku obadwa ndi za maakaunti a kubanki, zokhudza anthu pafupifupi 25 miliyoni. Ma CD aja anali ndi pasiwedi, koma analibe encryption yolimba. Mkulu wa ofesiyo, Paul Gray, anatula pansi udindo. Nditawerenga nkhaniyi ndinaganizira anthu mamiliyoni aja, aliyense akudzifunsa ngati mmene ndinkadzifunsira ine, kuti kodi mapepala a banja langa ali m'manja mwa yani usiku uno.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuphunzira n'chakuti loko weniweni sagulitsidwa. Ndi waulere. Njira imene mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano imatchedwa AES. Mu 1997 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linaitana akatswiri a padziko lonse kuti apikisane popanga njira yatsopano. Njira 15 zinalowa mu mpikisanowo, ndipo akatswiri anatha zaka akuyesa kuthyola njira za anzawo poyera. Inapambana ndi ya anthu awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo mu 2001 inakhazikitsidwa kukhala AES. Mukaona palembedwa AES-256, ndiye kuti kiyi wake ndi wa mabiti 256, kapena kuti mzere wa ma 0 ndi ma 1 okwana 256. Kuchuluka kwa makiyi amene angatheke pamenepo ndi nambala yoti poilemba pamafunika manambala 78 ondondozana. Palibe makina amene angayese onsewo.

Masamu a AES ali poyera, aliyense akhoza kuwawerenga. Poyamba zimenezi zinkandisokoneza: loko amene kapangidwe kake kakudziwika ndi akuba omwe angakhale bwanji wolimba? Yankho lake ndi lakale. Mu 1883 Auguste Kerckhoffs analemba mfundo yakuti njira yobisira uthenga iyenera kukhala yotetezeka ngakhale mdani atadziwa zonse za mmene imagwirira ntchito, bola kiyi yekha asamudziwe. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri mapulogalamu amene code yake, kapena kuti malamulo olembedwa amene amawayendetsa, ili poyera. M'Chichewa timasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi, ulere ndi ufulu. Pulogalamu ikhoza kukhala yaulere koma yotsekeka, moti palibe angadziwe zimene ikuchita ndi mafayilo anu. Ambiri mwa amene nditchule panowa ndi aulere, komanso aliyense ali ndi ufulu wowasanthula. Ine sinditha kuwerenga code, koma ndimadziwa kuti alipo ambiri amene amatha, ndipo akapeza bowo salibisa.

Pa chifukwa chomwechi ndimakana masamba a pa intaneti amene amati tumizani PDF yanu kuno tikukiyireni kwaulere. Kuti akukiyireni, muyenera kuwapatsa kaye chikalatacho chili chotsegula. Mwina ndi anthu abwino. Koma kalata ya dokotala ya amayi anga sindingaipereke kwa mlendo amene sindikumudziwa n'cholinga choti andithandize kuibisa kwa alendo.

Pulogalamu yoyamba imene mlongo wanga anandiikira ndi 7-Zip, ndipo mpaka pano ndi imene ndimauza aliyense kuti ayambe nayo. Anaipanga ndi Igor Pavlov, ndipo yakhalapo kuyambira 1999. Ntchito yake yodziwika ndi yopanikiza mafayilo kuti achepe, koma imakiyanso. Mumaika zikalata zanu zonse mu foda imodzi, mumadina fodayo ndi batani lakumanja la mausi, mumasankha 7-Zip kenaka Add to archive. Pa mtundu wa fayilo sankhani 7z, lembani pasiwedi kawiri, ndipo muonetsetse kuti palembedwa AES-256. Basi, foda yonse yasanduka fayilo imodzi yokiya.

Pali kabokosi kena pamenepo kamene anthu ambiri amakadumpha, kolembedwa Encrypt file names. Kachongeni. Mukapanda kutero, wotola fulashi yanu sangawerenge zikalatazo, koma akhoza kuona mndandanda wa mayina ake. Ndipo dzina la fayilo limalankhula. Tangoganizani munthu akuona fayilo yokhala ndi dzina la mayi anu ndi dzina la matenda awo pambali pake. Wadziwa kale zonse asanatsegule kalikonse.

Msampha wina uli pa mtundu wa zip. Anthu amaukonda chifukwa umatseguka pa kompyuta iliyonse popanda kuika pulogalamu ina. Koma njira yake yakale yokiyira, ZipCrypto, ndi yofooka. Eli Biham ndi Paul Kocher anasonyeza mmene ingathyoledwere kalekale mu 1994, ndipo masiku ano zida zochitira zimenezo zili paliponse. Ngati mwakakamizika kugwiritsa ntchito zip, sinthani pa kabokosi ka njira yokiyira kuti pakhale AES-256, ndipo dziwani kuti mu zip mayina a mafayilo sabisika zivute zitani. Ine ndimangosankha 7z, n'kumuuza wolandirayo kuti aike 7-Zip kapena PeaZip, imenenso ndi yaulere. Ndipo pochita dawunilodi pitani pa tsamba lenileni la opanga pulogalamuyo, osati pa ulalo woyamba umene wakutulukirani, chifukwa akuba amakonda kuveka mavairasi awo mayina a mapulogalamu odziwika.

Chinthu chimodzi chinanditengera nthawi kuti chikhazikike m'mutu: 7-Zip sikiya foda yanu ija, imapanga ina yokiya. Yoyambayo imatsala pomwepo ili yotsegula mpaka mutaifufuta nokha. Ndibwereranso ku mfundoyi kutsogoloku, chifukwa kufufuta nako kuli ndi nkhani yake.

Ngati chikalata n'chimodzi chokha ndipo mukuchilembabe, LibreOffice ndi yosavuta kuposa. Ndi gulu la mapulogalamu olembera makalata ndi matebulo, loyang'aniridwa ndi The Document Foundation kuyambira 2010. Posunga fayilo, chongani Save with password, ndipo sungani mu mtundu wake wa .odt kapena .ods. Imeneyo ndi encryption yeniyeni ya AES-256, yofunsa pasiwedi fayilo isanatseguke n'komwe. Pansi pake pali malo enanso oika pasiwedi yoletsa kusintha zolembazo. Ameneyo ndi mlonda uja, musamudalire pa chinsinsi.

PDF nayo ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo apa ndi pamene ndaona anthu ambiri akunamizika. Ina ndi yotsegulira, ina ndi yoletsa kupulinta kapena kukopera. Yachiwiriyi imangodalira ulemu wa pulogalamu yowerengera. Chida chaulere ngati qpdf chimachotsa ziletsozo m'kanthawi kochepa ngati palibe pasiwedi yotsegulira. Komanso ma PDF akale ankakiyidwa ndi makiyi a mabiti 40 okha, amene makompyuta a lero savutika nawo. Chida chomwecho cha qpdf chimatha kukiya PDF ndi AES-256, koma chimafuna kutaipa malamulo pa sikirini, osati kudina ndi mausi. Amene simukuzolowera zimenezo, ingoikani PDF yanu mu 7z.

Patapita miyezi ndinatopa ndi kumasula ndi kumanganso mtolo wa 7z nthawi iliyonse pakabwera kalata yatsopano ya kuchipatala. Apa ndi pamene VeraCrypt inandithandiza. Imapanga fayilo imodzi yaikulu, kukula kwake mumasankha nokha, imene imakhala ngati sefa. Mukaitsegula ndi pasiwedi, kompyuta imaiona ngati fulashi ina yalowetsedwa. Mumaikamo zinthu, mumasintha, mumasunga monga mwa masiku onse, ndipo chilichonse cholowa m'menemo chimasokonezedwa nthawi yomweyo. Mukamaliza mumaitseka, ndipo imabwerera kukhala chifayilo chosamveka. Poipanga imakuuzani kuti muyendetse mausi uku ndi uku kwa kanthawi. Musaone ngati n'zachibwana: ikutola kusalongosoka kwa dzanja lanu kuti ipangire makiyi amene wina sangawalote.

Mbiri ya VeraCrypt imandilimbitsa mtima. Inachokera ku pulogalamu ina yotchuka, TrueCrypt, imene inatuluka mu 2004 ndipo opanga ake sankadziulula. M'mwezi wa May 2014 iwo analengeza mwadzidzidzi kuti asiya, n'kuchenjeza anthu kuti pulogalamuyo mwina si yotetezekanso. Anthu anachita mantha. Koma poti code yake inali poyera, akatswiri anapitiriza kuisanthula, ndipo mu 2015 anamaliza osapeza khomo lakuseri loikidwa dala. Pa nthawiyo n'kuti Mounir Idrassi wa ku France atayamba kale VeraCrypt mu 2013, pomanga pa maziko omwewo. Mu 2016 kampani ya Quarkslab inaifufuza, inapeza zolakwika, ndipo zikuluzikulu zinakonzedwa. Ikanakhala pulogalamu yotsekeka, tsiku limene eni ake anachoka bwenzi zonse zitathera pomwepo. Vuto lake limodzi n'lakuti pa kompyuta ya eni simungatsegule sefa yanu popanda chilolezo cha woyang'anira kompyutayo. Kwa ine zimenezi zinakhala chithandizo, chifukwa zinandisiyitsa chizolowezi chotsegula mapepala a amayi pa makina aliwonse.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yonse. Palibe wakuba wanzeru amene amalimbana ndi AES. Amalimbana ndi inu, kapena kuti ndi pasiwedi imene munasankha. Pa tsamba la pa intaneti mukalakwitsa kangapo amakutsekerani. Koma fayilo imene ili m'manja mwa wakuba ilibe woiteteza. Amaiika pa makina ake, n'kusiya pulogalamu ngati hashcat kapena John the Ripper ikuyesa usana ndi usiku, ndipo palibe womuletsa. Sayambira pa aaaa. Amayambira pa mapasiwedi amene anthu enieni anagwiritsapo ntchito. Mu December 2009 kampani ya RockYou inaberedwa mapasiwedi a maakaunti oposa 32 miliyoni, amene inkawasunga osabisa n'komwe, ndipo yotchuka kwambiri pa onsewo inali 123456. Mndandanda umenewo mpaka lero ndi poyambira pa othyola. Akamaliza pamenepo amayesa mayina a anthu, zaka zobadwa, mayina a matimu, kenaka amasintha a kukhala @ ndi o kukhala 0, chifukwa nzeru imene timaiona ngati yathuyathu anaidziwa kalekale.

Pasiwedi yanga yakale inali dzina la mwana wanga ndi chaka chimene anabadwa. Zonse ziwirizo zinalinso m'zikalata za pa fulashi ija.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pasiwedi ya zilembo zazing'ono 8 ikhoza kupangidwa m'njira zoposa pang'ono 208 biliyoni. Zikumveka zambiri. Koma tiyerekeze makina oyesa ka 100,000 pa sekondi iliyonse: amaliza zonsezo m'masiku 24. Tsopano taonani njira imene Arnold Reinhold anayambitsa mu 1995, yotchedwa Diceware. Pali mndandanda wa mawu 7,776, lililonse ndi nambala yake. Mumaponya dayisi kasanu, manambala amene atulukawo amakulozerani liwu limodzi. Mukatero mpaka mawu akwane 6, mwapeza pasiwedi imene makina omwe aja angafunike zaka pafupifupi 70 biliyoni kuti ayese zonse. Ndipo mawu 6 wamba amagwirika m'mutu kusiyana ndi chisakanizo cha zizindikiro. Mphamvu yake ili pa kutalika ndi pakuti si inu munasankha mawuwo. Anasankha ndi dayisi, amene sadziwa dzina la mwana wanu.

Ena amandifunsa ngati kulemba pasiwedi m'Chichewa kumathandiza. Kumathandizako pang'ono, koma musatsamirepo. Mwambi, vesi kapena mzere wa nyimbo ndi mawu amene analembedwa kale penapake, ndipo chilichonse cholembedwa chikhoza kulowa mu mndandanda wa wothyola. Ngati mukufuna mawu a m'chilankhulo chathu, atoleni mwachisawawa, osagwirizana, osapanga chiganizo.

Munthu sangasunge m'mutu mapasiwedi otere makumi awiri, ndipo kugwiritsa ntchito imodzi paliponse n'kupachika makiyi onse pa msomali umodzi. Ine ndimagwiritsa ntchito KeePassXC, mphukira ya KeePass imene Dominik Reichl anayamba mu 2003. Ndi fayilo imodzi yokiya momwe mumakhala mapasiwedi ena onse, ndipo imatha kukupangirani mawu achisawawa ngati mulibe dayisi. M'mutu ndimangosunga ziwiri: ya KeePassXC ndi ya laputopu.

Nanga potumizira munthu wina? Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri, ngakhale m'maofesi, n'kutumiza fayilo yokiya pa imelo, kenaka m'munsi mwa imelo yomweyo n'kulemba pasiwedi yake. Ndi kusiya kiyi ali pa loko. Fayilo ipite njira ina, pasiwedi ipite njira ina. Ine ndimaimba foni n'kuitchula pakamwa, ndipo pasiwedi yotumizira munthu imakhala ya ulendo umodzi wokhawo.

Ilipo njira yoposa pamenepa, imene sifuna kuuzana pasiwedi n'komwe. Munthu amakhala ndi makiyi awiri, wina wogawira aliyense, wina wosunga yekha. Zili ngati kugawira anzako maloko otsegula: aliyense akhoza kutseka bokosi n'kukutumizira, koma wotsegula ndiwe wekha. Phil Zimmermann anabweretsa njirayi kwa anthu wamba mu 1991 ndi pulogalamu ya PGP, ndipo boma la America linamufufuza zaka zitatu chifukwa pa nthawiyo encryption yolimba inkawerengedwa ngati chida cha nkhondo choletsedwa kutuluka m'dzikolo. Nkhaniyo inatsekedwa mu 1996 osamuzenga mlandu. Mu 1997 Werner Koch wa ku Germany anayamba GnuPG, yaulere ndi yomasuka, imene pa Windows imabwera mu Gpg4win limodzi ndi pulogalamu ya Kleopatra. Ndimailemekeza kwambiri, ndipo mtolankhani kapena loya ayenera kuiphunzira. Koma kunena zoona, pa abale anga palibe amene ndinakwanitsa kumuzoloweretsa. Loko amene munthu sakumumvetsa amamusiya ali chitsegulire, choncho ndi iwo ndimakhalabe pa 7z ndi foni.

Walira mvula walira matope. Loko weniweni sadziwa mwini wake. Chaka chotsatira ndinakiya foda ya zithunzi za masatifiketi anga ndi makalata akale a kuntchito, ndinapanga pasiwedi yatsopano, n'kudziuza kuti ndiilemba mawa. Patatha miyezi inayi mawu anayi ndinkawakumbukira, awiri anali atauluka. Ndinathamangira kwa mlongo wanga ndi chikhulupiriro chonse, poti ndinamuona ndi maso anga akutsegula fayilo ija m'mphindi zisanu.

"Iwe, tanditsegulire iyinso."

"Iyi ndiye ayi, achemwali. Mwaikiya bwino. Palibe ofesi yoti tikadandaule, palibe batani loti mwaiwala pasiwedi. Ngakhale amene anapanga pulogalamuyi sangaitsegule."

Zina ndinazisikananso kuchokera ku mapepala, koma makalata amene analipo pa kompyuta pokha anapita. Madzi akatayika saoleka. Kuyambira pamenepo sindimvera malangizo akale aja oti pasiwedi salemba papepala. Wakuba wa pa intaneti sangafike m'kabati yanu. Pepala losungidwa bwino, kutali ndi kompyuta, losalembedwa kuti ndi la chiyani, ndi lotetezeka kuposa kudalira mutu umene ukhoza kudwala, kukalamba kapena kuchita ngozi. Ndipo fayilo yokiya imafuna kukopedwa kawiri kapena katatu, malo osiyana, chifukwa ikawonongeka pang'ono pokha pamalo olakwika, yonse ikhoza kukana kutseguka. VeraCrypt ili ndi njira yosungira padera mutu wa sefa yanu, kagawo kamene kamasunga makiyi ake, yotchedwa Backup Volume Header. Chitani zimenezo tsiku lomwelo. Ubwino wake ndi wakuti fayilo yokiya bwino mukhoza kuisunga pa Google Drive kapena malo ena a pa intaneti mtima uli m'malo, chifukwa chimene chili kumeneko ndi mulu wa manambala chabe.

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhani ya kufufuta. Mukafufuta fayilo, ngakhale mutakhuthula bini, kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda n'kunena kuti malowo ndi opanda mwini. Zolembazo zimatsala mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec, ya Christophe Grenier, imabweza mafayilo otere, ndipo mlongo wanga anandionetsa zithunzi zimene ndinafufuta zaka ziwiri m'mbuyomo zikutuluka pa memori khadi yakale. Pa fulashi ndi pa SSD, mtundu watsopano wa disiki ya kompyuta, ngakhale mapulogalamu ofufutiratu sadalirika kwenikweni, chifukwa zipangizozi zimasuntha zolemba m'kati mwake mosakuuzani. Mankhwala ake ndi kukiya disiki yonse, kuti chilichonse chogwera pamenepo, chofufutidwa ndi chosafufutidwa chomwe, chikhale chosokonezedwa kuyambira pachiyambi. Pa Linux pali LUKS, imene mumangoichonga poika dongosololo. Pa Mac pali FileVault, pa Windows pali BitLocker kapena Device encryption malinga ndi mtundu wake, ndipo VeraCrypt nayo imatha kukiya disiki yonse ya Windows. Laputopu yanga ikanakhala yotero, fulashi ya Linux ija sikanaonetsa kalikonse.

Palinso timabowo tina timene loko sangatseke. Chikalata chikakhala chotsegula pa sikirini, ndi chotsegula basi, kwa woima kumbuyo kwanu ndiponso kwa vairasi yojambula zimene mukutaipa. Nditafufuza bwino ndinapeza kalata ya dokotala yomwe ija, imene ndinaikiya mosamala mu sefa, ilinso mu zithunzi za pa foni yanga, mu foda ya zochita dawunilodi, ndi mu imelo imene ndinadzitumizira ndekha. Ndinatha Loweruka lonse ndikusakasaka makope amenewa.

Chovuta koposa pa zonsezi sichinali cha pa kompyuta. Chinali kukawauza amayi. Ndinazengereza sabata yathunthu, koma mapepalawo anali awo, ndipo kunkafunika kuti akadziwitse a kubanki. Nditawafotokozera sanakalipe. Anangofunsa funso limodzi.

"Ndiye amene waitolayo akudziwa matenda angawa?"

"Akhoza kudziwa, amayi. Pepani."

Anayang'ana pansi. Matendawo anali asanauze ngakhale abale awo ena, ankadikira nthawi yawo. Ufulu wosankha tsiku ndi munthu womuuza ndi umene ndinawatayira m'kathumba ka chikwama.

Atapezako bwino, ndinapita ndi laputopu, dayisi ndi mndandanda wa mawu uja. Ndinawauza kuti mapepala awo tsopano akhala m'sefa, ndipo kiyi wake aponye okha. Anaponya ka 30, ine ndikuwerenga manambala, mlongo wanga akufufuza mawu pa mndandanda. Amayi analemba mawu 6 aja ndi dzanja lawo pa mapepala awiri. Tinatseka sefa, tinaitsegulanso kuti tione ngati zatheka, inatseguka. Pepala limodzi analiika mu envulopu, anamata, n'kupatsa mlongo wanga.

"Iyi usatsegule pokhapokha ine kapena achemwali akowa titalephera kulankhula."

Linalo analipinda kanayi n'kulowa nalo kuchipinda, ndipo sanatiuze pamene analiika.